Kugwira

Msodzi wa ku Chinguluwe akati "GPS sikugwira", angatanthauze zinthu ziwiri. Mwina kachipangizoko kafa, sikakugwira ntchito. Koma kawirikawiri akunena kugwira kuja kwa foni ikapeza netiweki: kayaka ndithu, koma sikanapeze masetilaiti okwanira. Pamafunika anayi kuti kadziwe pamene boti lili. Masetilaitiwo ali kutali, makilomita oposa 20,000, choncho siginolo imafika yofooka, moti denga la malata lokha limaitsekereza.

Kachipangizoko kakapanda kugwira, katulutseni pamtetete, muone waya wa eriyo ndi dzimbiri pa batire. Ngati kagona miyezi m'thumba, musafulumire kukatukwana: kamafuna mphindi pafupifupi 13 kuti kalandirenso ndandanda yonse ya kumene masetilaiti ali. Kukazimitsazimitsa kumangochedwetsa ntchitoyo.