Nthenda ya Silicosis: Ngozi Yobisika mu Fumbi la Miyala

Anthu amene aphwanya, kudula ndi kusalaza miyala ali pangozi yodwala nthenda ya mapapo yochedwa silicosis. Mu boma la Kafue, nkhani iyi ikhudza ophwanya miyala yomangira nyumba m'mbali mwa mseu wopita ku Lusaka, opanga ziliza za kumanda, ndiponso acinyamata a ku malo monga Chanyanya amene afuna maganyu pa zomangamanga.

Gwero la nthendayi ndi silica, cinthu cimene cipezeka mu mcenga ndi mu miyala yambiri. Mwala ukadulidwa wouma, utulutsa fumbi losalala kwambiri losaoneka ndi maso. Fumbi ili likalowa mkati mwa mapapo silituluka, koma lisiya zipsera zimene ziumitsa mapapo, motero munthu ayamba kupuma mobvutikira. Mwala wa granite uli ndi silica wambiri kuposa mwala wa laimu, pamene miyala yopangidwa ku fakitale yoika pa matebulo a m'khichini ingakhale ndi silica wopitirira 90 peresenti.

Zizindikiro zake ndi cifuwa cosatha, befu, kutopa msanga ndi kuonda. Kawirikawiri zionekera patapita zaka 10 kapena kuposapo, koma pamene fumbi ndi loculuka kwambiri munthu angadwale m'zaka zocepa cabe. Nthendayi ilibe mankhwala ocizira, ndipo ingapitirize kukula ngakhale munthu ataleka nchito. Wodwala silicosis agwidwanso mosabvuta ndi cifuwa cacikulu ca TB. Mu 1997, bungwe la IARC lofufuza za kansa linaika fumbi la silica pa gulu la zinthu zoyambitsa kansa.

Mu Zambia nthendayi inadziwika kale kwambiri m'migodi ya ku Copperbelt. Anchito a m'migodi apimidwa mapapo ku Occupational Health and Safety Institute mu Kitwe. Lamulo la Workers' Compensation Act la 1999 linaika nkhani za cipukuta misozi ca anchito odwala nthenda za fumbi m'manja mwa bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola. Komabe ambiri odzigwirira okha nchito ya miyala sanalembetsedwe kulikonse, ndipo akadwala katundu yense agwera banja.

Maiko ena acitapo kanthu mwamphamvu. Ku South Africa, khoti inabvomereza mu 2019 pangano lakuti makampani a migodi ya golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa anchito odwala silicosis ndi TB, kupyolera mu Tshiamiso Trust. Dziko la Australia linaletsa miyala yopangidwa ku fakitale kuyambira pa 1 July 2024, anchito ambiri acicepere atapezeka ndi nthendayi.

Citetezo coyamba ndi madzi. Kuthira madzi pa mwala poudula, pouboola kapena pouphwanya kuletsa fumbi kuuluka. Malo a nchito asasesedwe ouma, ndipo nchito icitikire pamalo popita mphepo, wanchito ataima kumbali kumene mphepo icokera. Nsalu yomanga kumphuno siitsekereza fumbi losalala. Cofunika ndi cophimba ca mtundu wa N95 kapena FFP2 cogwira bwino nkhope. Zobvala za ku nchito zisapite kunyumba zili ndi fumbi, ndipo ana, makamaka makanda obelekedwa kumbuyo, asakhale pamalo ophwanyira miyala. Kusuta fodya kuonjezera kuonongeka kwa mapapo.

Aliyense amene wagwirapo nchito ya miyala ndipo akutsokomola kwa milungu iwiri kapena kuposapo apite ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca Kafue General, ndipo auze adokotala nchito imene agwira ndi zaka zimene waigwira. Kupima ndi kuciza TB m'zipatala za boma ndi kwaulere.