John Buchanan: Mlimi Amene Adasandutsa Ruo Kukhala Malire

Ku dera la Mfumu Mlolo, m'boma la Nsanje, ndiko mtsinje wa Ruo umathira madzi ake mu Shire utayenda ulendo wautali kuchokera ku phiri la Mulanje. Tsidya lino la Ruo ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique, komabe anthu a mbali zonse ziwiri amamvana chilankhulo, amakwatirana ndiponso amalirana maliro. Nanga zidatani kuti mtsinje umenewu ukhale malire? Mmodzi mwa anthu amene adachititsa zimenezi sadali msilikali kapena nduna ya boma, koma mlimi wochokera ku Scotland, dzina lake John Buchanan.

Buchanan adabadwa m'chaka cha 1855 m'mudzi wa Muthill, ndipo ali mnyamata adaphunzira ntchito yosamalira mitengo ndi maluwa ku Drummond Castle. M'chaka cha 1876 adalembedwa ntchito ndi mpingo wa Church of Scotland kuti akhale mlimi wa mishoni yatsopano. Iye ndi anzake adakwera mtsinje wa Shire, nadutsa pa Chiromo ndi m'midzi ya mafumu a Chikololo, mpaka adafika ku mapiri kumene adakhazika mishoni ya Blantyre pa malo a Mfumu Kapeni. Patapita zaka ziwiri, mlimi mnzake, Jonathan Duncan, adabwera ndi mbande zitatu za khofi kuchokera ku Edinburgh. Ziwiri zidafa, imodzi idaphuka, ndipo mbewu zake ndizo zidafalikira m'minda yoyamba ya khofi ya ku mapiri a Shire.

Koma mbiri ya mishoniyo m'zaka zoyamba ili ndi chipsera. Azungu a pa Blantyre adadziika okha kukhala oweruza milandu. Anthu oganiziridwa kuba ankakwapulidwa mwankhanza, wina adafa nazo zikotizo, ndipo wina adaphedwa pomuwombera ndi mfuti. Mlendo wina, Andrew Chirnside, adaulula zonsezi m'kabuku kamene kadatuluka mu 1880. Mpingo utafufuza, mu 1881 udachotsa ntchito Mbusa Duff Macdonald, George Fenwick ndi John Buchanan.

Anthu atatuwa adayenda njira zosiyana. Macdonald adabwerera kwawo. Fenwick adayamba malonda a minyanga, ndipo mu 1884 adakangana ndi Chipatula, mfumu ya Chikololo ya m'chigwa cha Shire, namupha; anthu a Chipatula nawo adalipsira pomupha iye. Buchanan adakhazikika ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, m'dziko la Mfumu Malemia, nagwira khasu.

Kumeneko ntchito idakula kufikira idasanduka ya banja lonse. Abale ake awiri, David ndi Robert, adamtsatira kuchokera ku Scotland, ndipo atatuwo adapanga kampani yotchedwa Buchanan Brothers. Adatsegula minda ya khofi, adalima nzimbe ndi kupanga shuga, adayesanso fodya. John ankatola zomera zakutchire ndi kuzitumiza kwa akatswiri a ku Ulaya, kotero kuti zina mwa izo zimatchulidwa ndi dzina lake m'mabuku a sayansi. Mu 1885 adatulutsa buku lofotokoza za mapiri a Shire, lokopa anthu akwawo kuti abwere adzalime. Ndiyenso adamanga nyumba ya kazembe wa Britain ku Zomba, imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina loti Masongola. Kazembeyo, Hawes, atachoka, udindo wake udagwera m'manja mwa Buchanan, munthu yemweyo amene mpingo udamchotsa mwamanyazi.

Chaka cha 1889 ndicho chidamkokera ku Ruo. Apwitikizi ankati chigwa cha Shire ndi mapiri ake ndi zawo, ndipo adatumiza gulu lankhondo motsogozedwa ndi Serpa Pinto. Buchanan adadziwa kuti gululo likawoloka Ruo, minda yake ndi mishoni ya Blantyre zidzakhala pansi pa mbendera ya Portugal. Adachenjeza Serpa Pinto m'kalata, ndipo mu September adalengeza kuti dziko la Akololo ndi mapiri a Shire, kuyambira pa Ruo kunka kumpoto, lili m'chitetezo cha Britain.

Mawu a pa pepala sadaletse magazi kukhetsedwa, ndipo magaziwo adali a anthu a m'chigwa. Mu November ankhondo a Mfumu Mlauli adalimbana ndi Apwitikizi, koma adagonja ndi mfuti zamakina, ambiri nafera pomwepo. Apwitikizi adalanda Chiromo napitirira mpaka kwa Katunga. Nkhaniyi itafika ku London, nduna yaikulu Lord Salisbury idalamula Portugal pa 11 January 1890 kuti ichotse asilikali ake. Portugal idamvera mokakamizika, ndipo pangano la pa 11 June 1891 lidakhazikitsa Ruo kukhala malire. Umu ndi momwe dera la Mlolo lidakhalira mbali ya dziko limene lidadzatchedwa Nyasaland, ndipo kuyambira 1964, Malawi. Eni nthaka a tsidya lino ndi tsidya linalo sadafunsidwe maganizo awo.

Boma latsopano la Harry Johnston lidayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa Azungu amene ankati adagula nthaka kwa mafumu. Banja la Buchanan lidalandira maekala oposa 160,000. Kawirikawiri malo otere ankagulidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo mwa mwambo mfumu idalibe mphamvu yogulitsa nthaka ya anthu ake. Inkangopatsa mlendo poti alime. Mabanja ambiri a ku mapiri a Shire adadzuka tsiku lina ali alendo pa nthaka ya makolo awo, ndipo m'minda ya Azungu mudakula mchitidwe wa thangata, wolipira malo okhala ndi thukuta.

Buchanan sadadyerere chuma chake. Mu March 1896, ali pa ulendo wokaona kwawo, adamwalira pa doko la Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Sipadapite zaka zambiri, minda ya banjali idalowa m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa. Khofi nayenso sadakhalitse: tizilombo, chilala ndi kutsika kwa mitengo chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil zidamgwetsa, ndipo malo ake adatengedwa ndi fodya, thonje ndi tiyi.

Mabuku ena amamutcha Buchanan mlimi woyamba wa dziko lino, koma dzina limeneli limfunika kulisefa. Pamene David Livingstone ankakwera Shire mu 1859, Buchanan ali mwana wa zaka zinayi, adapeza Amang'anja akulima mapira, chimanga ndi mitundu iwiri ya thonje, la manga ndi la kadja, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Ankadziwa kale kubzala kumunda nthawi ya dzinja ndi kudimba madzi akaphwera. Nzeru imeneyi ndiyo idadyetsa chigwachi m'zaka za thonje la pa Chiromo, m'madzi osefukira a kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, kufikira m'masiku a mpunga wa ku Muona.

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Buchanan kadameta: adasonyeza kuti nthaka ya kuno ingabereke mbewu zogulitsa kunja, ndipo adathandiza kusunga dera la Mlolo m'dziko limene lero ndi Malawi. Koma kalumo komweko kadatemanso: kadadula nthaka m'manja mwa eni ake, ndipo pa Ruo kadagawa abale pakati.