Kupatsa N'kuika: Mbiri ya Ophunzira Ntchito Kunja

Kale ku Germany mnyamata akatsiriza kuphunzira ukalipentala kapena kusula zitsulo, sankatchedwa katswiri tsiku lomwelo. Ankamanga kaphukusi kake n'kuyamba ulendo wa zaka zitatu ndi tsiku limodzi, kumagwira ntchito m'mizinda yachilendo pansi pa amisiri osiyanasiyana. Amene wamulemba ntchito ankamulipira, podziwa kuti nayenso mwana wake akudya kwa eni kwinakwake. Mwambowu, umene amautcha Walz, ulipobe mpaka lero ngakhale outsatira ndi ochepa.

Nzeru yomweyi inadzalowa m'sukulu zaukachenjede itatha Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse. Mu 1945 mizinda yambiri ya ku Ulaya inali mabwinja okhaokha, milatho ndi mafakitale zili zogumuka, ndipo achinyamata anali atazolowera kuona mnzawo wa tsidya lina ngati mdani. Panafunika mainjiniya omanganso maiko, komanso njira yochotsera chidani m'mitima.

Mu Januwale 1948, pasukulu ya Imperial College mumzinda wa London, James Newby anasonkhanitsa nthumwi za maiko 10 a ku Ulaya. Iwo anakhazikitsa bungwe la IAESTE kuti ophunzira za uinjiniya ndi sayansi azipita kukagwira ntchito m'makampani a kunja panthawi ya tchuthi. Chaka chomwecho ophunzira za malonda ndi chuma anayala maziko a bungwe lawo la AIESEC, limene linachita msonkhano wake woyamba ku Stockholm mu 1949. Kumeneko kunafika maiko 7: Belgium, Denmark, Finland, France, Netherlands, Norway ndi Sweden, ndipo ophunzira 89 anapeza malo ophunzirirako ntchito kunja. Pofika 1950, patangopita zaka zisanu mfuti zitaleka kulira, IAESTE inali italandira dziko la West Germany.

Ntchitoyi inakhazikika pa mfundo ziwiri. Yoyamba inali kusinthana. Dziko lofuna kutumiza ana ake linkayenera kuyamba lapempha makampani a kwawo kuti apereke malo a alendo. Nthumwi za IAESTE zimakumana chaka ndi chaka, kawirikawiri mu Januwale, n'kusinthana malowo, wina kupereka limodzi n'kulandira limodzi. Pajatu akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Mfundo yachiwiri inali malipiro: kampani inkapatsa wophunzira ndalama zokwanira lendi ndi chakudya, iye n'kungodzifunira yoyendera. Potero mwana wa mlimi ankatha kupikisana ndi mwana wa dokotala.

Komatu mfundo ziwirizi sizinayende bwino ponseponse. Maiko a mu Africa ndi Asia atayamba kudzilamulira n'kulowa m'mabungwewa, zinaoneka kuti kusinthana kumakomera anthu olingana mphamvu. Dziko la mafakitale zikwizikwi silisowa malo opereka, pamene dziko lodalira ulimi limakhala ndi malo owerengeka, choncho limatumizanso ana owerengeka. Mwa ochepa osankhidwawo, ena amagwa ulesi akamva mtengo wa tikiti ya ndege, ena amakanizidwa chitupa cholowera m'dzikomo.

Mfundo ya malipiro nayo inayamba kuphwanyidwa kunja kwa mabungwe awiriwa. Makampani ndi mabungwe ambiri otchuka anazolowera kulandira achinyamata osawapatsa ngakhale tambala, ponena kuti dzina la bungwelo palokha ndi malipiro. Mu Ogasiti 2015 dziko linadzidzimuka kumva kuti David Hyde, mnyamata wa zaka 22 wa ku New Zealand, ankagona m'tenti m'mbali mwa nyanja ku Geneva uku akuphunzira ntchito ku United Nations popanda malipiro. Iye anaulula pambuyo pake kuti nkhaniyo anaitulutsa dala kuti vutolo lidziwike, ndipo linadziwikadi: malo osalipidwa amatengedwa ndi okhawo amene makolo awo ali ndi thumba lakuya.

Madandaulo otere anabala zipatso zina. Mu 2018 msonkhano waukulu wa bungwe loona zaumoyo la WHO unagwirizana kuti theka la ophunzira ntchito kumeneko azichokera m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo mu 2020 bungwelo linayamba kuwapatsa ndalama zodzithandizira.

Nkhaniyi si yamasewera, chifukwa wophunzira ntchito lero ndiye adzakhale pampando wogamula zinthu mawa. Ngati khomo lolowera likhala la olemera okha, ndiye kuti mfundo zokhudza amphawi zidzalembedwa ndi anthu osadziwa kugona ndi njala. Anthu a 1948 anali pakati pa mabwinja, komabe anaona kuti mlendo wobwera kudzaphunzira ntchito ayenera kudya ndi kugona pabwino. Ife amene tili pamtendere tilibe chifukwa chochitira zochepa kuposa iwo.