Njerwa za St Michael zili ndi eni ake

Mu Lusaka simungapeze tchalitchi cha nthawi ya Mfumukazi Victoria, pakuti iye anamwalira mu 1901, njanji isanafike kuno mu 1905. Wofuna kuona chotere apite ku Blantyre, kumene kuli St Michael and All Angels. Ntchito yomanga inayamba mu 1888 ndipo tchalitchicho chinatsegulidwa mu 1891. Lero chili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya CCAP, ndipo boma la Malawi limachiteteza ngati chuma cha dziko.

Anthu amachitcha tchalitchi cha David Clement Scott, m'busa wa ku Scotland, koma kutero n'kunena theka la nkhani. Scott sanaphunzire zomangamanga, ndipo analibe pulani yathunthu yojambula papepala. Maonekedwe a nyumbayo ankadziwika khoma likukwera. Njerwa zonse zinaumbidwa pomwepo ndi dothi la m'deralo n'kuotchedwa ndi nkhuni, ndipo sizinali za mtundu umodzi: panali zikombole zosiyanasiyana, zina za njerwa za m'ngodya, zina za pamwamba pa zitseko pomwe khoma limapindika ngati uta. Malo otero salola chinyengo. Njerwa imodzi ikapendekeka, zinzake zimagwa, ndiye amene anaziyala, anthu a komweko omwe anali asanamangepo nyumba yotere, anali amisiri enieni, osati onyamula matope chabe.

Ena amati n'chipilala cha atsamunda basi, chifukwa nsanja zake ziwiri ndi denga lozungulira n'zochokera ku Ulaya. Zoonadi maonekedwewo ndi achilendo, ndipo amishoni anatsegulira njira ulamuliro wa Britain. Komabe Scott yemweyo anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, nakangana ndi azungu anzake pofuna kuti Aafirika atsogolere mpingo. Chachikulu n'chakuti tikachikana tchalitchichi, amene timamutaya si Scott, pakuti dzina lake lili kale m'mabuku. Timataya oumba njerwa aja.

Lusaka ili ndi mwayi umene Blantyre inauphonya. Cathedral of the Holy Cross, ya konkire, inatsegulidwa mu 1962, ndipo matchalitchi ambiri a ku Kabwata ndi ku Chelstone ndi a m'badwo wa makolo athu omwe. Akulu a mpingo, lembani mayina a amisiri amene anamanga makoma anu, ana awo akadalipo oti n'kuwafunsa.