Ndere

Ndere ndi tizomera tobiriwira, toterera, topanda mizu kapena masamba, timene timamera m'madzi ndi pamalo a chinyontho. Ukaterereka pamwala powoloka Nadzipokwe ku Mua, zakugwetsazo ndi ndere. Zimakutanso ngalande za sikimu ya mpunga ya Bwanje ku Mtakataka. Zina zimakhala ngati ulusi, zina zimangosandutsa madzi kukhala obiriwira.

Ndere si uve nthawi zonse. Mbuna za m'Nyanja ya Malawi zimadya ndere za pamiyala, ndipo mlimi wa nsomba amathira dala manyowa m'dziwe kuti zimere, makumba apeze chakudya.

Vuto ndi kuchulukitsa. Masana ndere zimatulutsa mpweya wabwino, koma usiku zimaumwa, ndiye mbandakucha nsomba zimayandama, kukamwa kuli yasa. Kuti udziwe, viika mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chasiya kuoneka madzi asanafike m'chigongono, ndere zanyanya. Leka kuthira manyowa, chepetsa madeya, lowetsa madzi atsopano, ndipo za ulusizo uvuule ndi manja.

Oweta nsomba m'galasi nawonso amachepetsa kuwala ndi chakudya, n'kusinthako madzi. Mlimi, uziyendera dziwe lako dzuwa lisanatuluke.