Mdulidwe ndi Anthu a ku Nkhamanga

Kwathu ku Rumphi mdulidwe ndi mlendo. Atumbuka a ku Nkhamanga, ku Henga ndi ku mapiri a Phoka adalibe mwambo wodula ana aamuna. Mnyamata ankakula, kukwatira mpaka kumera imvi popanda womufunsa za khungu lake. N'chifukwa chake a zaumoyo atayamba kulengeza pa wailesi za mdulidwe wa abambo, ambiri mwa ife tidangoti kukamwa yasa. Kudabwa kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino tiidziwe tisanaweruze okana kapena ovomera.

Kale chizindikiro cha pathupi chinkanena mtundu wa munthu. Angoni atagonjetsa dziko la Chikulamayembe cha m'ma 1850, ankaboola makutu a anthu ogwidwa kuti adziwike kuti tsopano ndi a mfumu ina. Angoniwo sankadula, mwambowo adali atausiya. Odziwika ndi mdulidwe adali Aswahili amalonda a minyanga ndi akapolo, monga Mlozi wa ku Karonga amene adanyongedwa mu 1895, komanso Ayao a kummwera kwa nyanja ndi jando wawo. Choncho m'maganizo a makolo athu, kudulidwa kudali kulowa mtundu wina ndi chipembedzo china.

Mu 1894 Dr Robert Laws adakhazika mishoni ya Livingstonia pa Khondowe, m'boma lathu lomweli. Baibulo limene amishoni adabweretsa limasimba, pa Machitidwe a Atumwi mutu 15, kuti atumwi atasonkhana ku Yerusalemu adagamula kuti anthu amitundu asakakamizidwe kudulidwa polowa Chikhristu. Mtumbuka wopemphera tsono adali ndi mboni ziwiri, makolo ndi malemba.

Kwawo kwa Azungu nakonso madokotala sadamvane pa nkhaniyi. Ku Britain ambiri ankadula makanda ati pofuna ukhondo, mpaka mu 1949 pamene Dr Douglas Gairdner adalemba kuti ana ambiri safunika kudulidwa, ndiponso kuti ana pafupifupi 16 ankamwalira chaka chilichonse ku England ndi Wales kaamba ka opaleshoniyi. Mchitidwewo udazilala kumeneko, koma ku America udapitirira.

Chidasintha zinthu kuno kwathu ndi Edzi, imene idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. Mu 2005 kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa adaonetsa kuti mwamuna wodulidwa amachepetsa chiopsezo chotenga kachilombo kwa mkazi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wa ku Kisumu ku Kenya ndi wa ku Rakai ku Uganda adapeza zofananazo. Chifukwa chake n'chakuti khungu lakunsonga ndi lofewa m'kati mwake, silichedwa kung'ambika, ndipo kachilombo kamalowerapo mosavuta. Mu Malichi 2007 mabungwe a WHO ndi UNAIDS adalangiza maiko okhudzidwa kwambiri kuti aike mdulidwe pakati pa njira zopewera matendawa.

Dziko la Malawi lidazengereza, ndipo lidali ndi chifukwa. Kalembera wa zaumoyo wa mu 2004 adapeza kuti kumpoto amuna 5 okha pa 100 adali odulidwa, pamene kummwera adali 33. Koma kachilombo kadali mwa anthu 8 pa 100 kumpoto, kummwera pafupifupi 18. Mu 2010 Dr Mary Shawa, amene panthawiyo adali mlembi wamkulu woona za Edzi mu ofesi ya Pulezidenti, adanena poyera kuti umboni wa kuno kwathu sukugwirizana ndi za akafukufukuwo. Ku Rumphi mawuwa tidawalandira ndi manja awiri.

Komatu chiwerengero cha chigawo sichiulula zonse. Kummwera kuli mizinda ikuluikulu, minda ya tiyi ndi anthu oyendayenda pofuna ntchito, zinthu zimene zimafalitsa matendawa. Ena odulidwa kusimba sachotsedwa khungu lonse. Akafukufuku aja adafanizira amuna a dera limodzi, ena odulidwa ena ayi, ndiye umboni wawo udalemera. Boma lidavomereza mu 2011, ndipo mu 2012 lidakhazikitsa ndondomeko ya mdulidwe wa kuchipatala wochita kufuna.

Ine maganizo anga ndi awa. Chipatala si simba. Kulibe ngaliba, kulibe nyimbo, ndipo wotulukako amatuluka ali Gondwe kapena Mhango monga adalowera. Mnyamata wa ku Bolero kapena ku Mhuju akakana mdulidwe poopa kusanduka Myao, ndiye kuti akuthawa mthunzi wa zinthu zimene zidatha kalekale, pamene kachilombo kali pakhomo. Mbali inayi, olimbikitsa mdulidwe asamatche osadulidwa auve, pakuti potero akunyoza agogo athu onse. Azinenanso zoona zokhazokha: chitetezo chake n'choperewera, kondomu ndi kukhulupirika zikufunikabe, ndipo wodulidwa adikire masabata 6 kuti bala lipole. Safunsa adadya phula.

Za makanda ndiye ndimakayika. Khanda silili pa chiopsezo chotenga kachilombo pogonana, choncho palibe chothamangira. Mwana akule, amve mbali zonse, asankhe yekha. Agogo athu adabooledwa makutu osafunsidwa. Adzukulu awo ayenera kufunsidwa.