Mtsinje wa Likwenu ndi Mabwinja Ake

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde amaoloka mtsinje wa Likwenu, koma ndi oŵerengeka amene amaucheukira. Gwero lake lili m'phiri la Malosa. Utatsika m'makhwaŵa, umaloŵa m'boma la Machinga, nuyenda m'chigwa mpaka kukathira mu Shire pafupi ndi tauni ya Liwonde. Tsidya linalo ndi boma la Balaka, limene linapatuka ku Machinga m'chaka cha 1998.

Mbiri ya dera limeneli ndi ya kutsika ndi kukwera. Pa nthaŵi ya mtendere anthu ankatsikira kumadzi, koma nkhondo ikabuka ankathaŵira kuphiri.

M'chigwa cha Shire, akatswiri ofukula zakale anapeza mapale a mbiya za mtundu wotchedwa Nkope, dzina lochokera ku malo ena a ku Mangochi. Oumba mbiyazo anali alimi ndi osula zitsulo amene anafika zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ankakonda kumanga pafupi ndi mitsinje, pakuti pamenepo pamapezeka dongo, nsomba, bango ndi chinyontho cha madimba. Pambuyo pake kunabwera Amaravi, makolo a Amang'anja ndi Anyanja. David Livingstone, podutsa m'chigwachi m'chaka cha 1859, anawapeza akulima thonje, kuomba nsalu ndi kusula makasu.

Mtenderewo sunakhalitse. M'zaka za m'ma 1860 Ayao a Machinga anafika kuchokera kum'maŵa, kumene tsopano ndi Mozambique, ndipo malonda a minyanga ndi akapolo anakula. Chilala cha 1862 chinaonjezera nsautso. Midzi yambiri ya m'chigwa inasanduka mabwinja. Liwonde anakhazikika pafupi ndi madooko a Shire, Malemia m'tsinde mwa Malosa, pamene Kalembo ndi Msamala anakhala kutsidya la Balaka. Kawinga anamanga linga lake pa phiri la Chikala, ndipo Angerezi atalephera kumgonjetsa m'chaka cha 1891, anadzalanda phirilo m'chaka cha 1895.

Nkhondo zitatha, anthu anatsikiranso kumadzi. Amishoni a mpingo wa Anglican anamanga ku Malosa. Njanji yopita ku Nacala inaoloka Shire pa Liwonde m'chaka cha 1970, ndipo nkhalango yosungira nyama ya Liwonde inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973.

Masiku ano mdani wa Likwenu ndi nkhwangwa. Mitengo ya kumtunda ikathera ku makala, madzi a dzinja amatsika mwaukali, nagumula magombe pamodzi ndi mabwinja amene sanafufuzidwe. Choncho mlimi amene khasu lake latukula mapale a zolembalemba kapena zotsalira za ng'anjo asazitaye kumalire a munda. Adziŵitse amfumu, kuti iwo akauze a nyumba yosungira zinthu zakale, pakuti makolo amene sanasiye kalata anasiya mbiri yawo m'nthaka.